Kaodzera ku Nkhotakota: kutuluka m'chipatala si kuchira

M'dziko muno matenda nawo ali ndi mwayi wosiyana ngati anthu. Alipo matenda amene akangogwira bwana mmodzi wa ku Area 10 kapena ku Nyambadwe, mawa lake nkhani ili pa wailesi, misonkhano ili m'mahotela a kunyanja, malaya olembedwa uthenga asindikizidwa kale. Ndiye alipo ena amene amadya anthu mwakachetechete kumudzi, chaka ndi chaka, dzina lake osamveka n'komwe. Kaodzera ali m'gulu lachiwirili, ndipo ife a m'mphepete mwa nyanja kuno ku Nkhotakota timamudziwa monga momwe timadziwira mwera.

Awerengi ambiri a m'tauni adzadabwa kumva kuti pa nthendayi dziko lathu lidakhalapo patsogolo pa mayiko onse. Malinga ndi bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO, m'chaka cha 2019 anthu 116 ndiwo adapezeka ndi kaodzera wa mtundu wa kuno kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, ndipo 91 mwa iwo adali a Malawi. M'chaka cha 2020 adapezeka anthu 98, a Malawi 89. Ambiri adali ochokera m'midzi yozungulira dambo la Vwaza ku Rumphi ndi yozungulira nkhalango ya Nkhotakota.

Wina anena kuti anthu 90 n'chiyani poyerekeza ndi miyandamiyanda yodwala malungo. Tsono tamverani. Anthu 90 amenewo ndi okhawo adachita mwayi wofika pamene pali makina oonera tizirombo m'magazi. Amene adafera panjira, kapena kwa sing'anga, kapena pamphasa kunyumba abale akuti alodzedwa, sali m'kaundula wa munthu aliyense. Komanso kaodzera si chimfine choti chitha chokha. Munthu akapanda kulandira mankhwala, mapeto ake ndi maliro basi.

Mfundo yanga lero ndi imodzi. Boma ndi mabungwe akamawerenga za kaodzera amawerenga masiku amene munthu wagona m'chipatala. Koma wodwalayo amadwala katatu: miyezi imene amazungulira nthenda isanadziwike, masiku a m'chipatalawo, ndi zaka zimene amalimbana ndi thupi lake atatulutsidwa. Gawo lapakatilo tsopano lapepuka, tithokoze. Magawo awiri enawo tawasiyira wodwala ndi mayi ake.

Tiyambe ndi nthendayo. Imabwera ndi kashembe, ntchentche ija azungu amati tsetse, yoluma masana ndipo ululu wake ngati wakubaya ndi singano. Imakonda mithunzi ya m'nkhalango ndi m'mbali mwa mitsinje monga Bua ndi Kaombe. Chakudya chake ndi magazi a nyama zakutchire: mbawala, njiri, njati ndi zina. Nyamazi zimasunga tizirombo m'magazi mwake koma izo sizidwala. Ntchentche ikayamwa nyama yotere, tizirombo timakhwima m'thupi mwake, ndipo tsiku lina ikaluma mayi wotola nkhuni, mnyamata woweza mpasa mu Bua, kaya mlimi amene munda wake wagundana ndi mpanda wa nkhalango, yamusiyira imfa. Si ntchentche iliyonse ili ndi tizirombo, n'chifukwa chake anthu amalumidwa kambirimbiri osadwala, mpaka kuzolowera. Kuzolowerako ndiye msampha.

Poyamba pamalo polumidwapo pangatuluke chithupsa chowawa. Kenako thupi limatentha, litsipa, kuphwanya m'mfundo, mwanabere, kuwonda, magazi kuchepa. Tizirombo tikalowa mu ubongo ndi pamene nthenda imaonetsa dzina lake: munthu amaodzera masana, ngakhale ali ndi mbamu ya nsima m'manja, usiku tulo osabwera. Khalidwe limasintha, wofatsa amasanduka waukali, wina amabwebweta, wina amanjenjemera, mapeto ake kukomoka.

Pali china chimene madokotala adapeza chokhudza ife a ku Nkhotakota makamaka. Kafukufuku amene adafalitsidwa mu 2004, momwe mudali Professor John Chisi wa ku College of Medicine ku Blantyre, adayerekeza odwala a kuno ndi a kum'mawa kwa Uganda. Ku Uganda nthendayi imagwetsa munthu mofulumira. Kwathu kuno imayenda pang'onopang'ono, imanyenga, munthu amatha miyezi akuyenda, kudwala n'kupezako bwino, kudwalanso. Wina angati umenewo ndi mwayi. Inde ndi mwayi ngati pali wokuyeza. Ngati palibe, ndiye kuti nthenda yapatsidwa nthawi yokwanira yomaliza chuma cha banja isanamalize mwini wakeyo.

Ulendo wake timaudziwa tonse. Thupi likatentha timati malungo. Timayamba ndi panado wa pa golosale. Zikakanika timakwera kabaza kupita ku chipatala chaching'ono, kumene amatibaya chala. Chida chija chikaonetsa malungo, ndipo kuno kunyanja ambiri timayenda nato tizirombo ta malungo, amatipatsa LA. Chikapanda kuonetsa amatipatsa mankhwala opha ululu, bwererani mukapume. Sabata ziwiri, thupi latenthanso. Ulendo wachitatu ndi wa kwa sing'anga, nkhuku yapita, mbuzi yapita, ndipo agogo ena osalakwa atchulidwa dzina. Munthu akayamba kuwonda, manong'onong'o amayamba pa mjigo: ndi matenda a boma aja, tinkamuuza ife. Akayamba kubwebweta amati chamba, kapena misala, ena mpaka kumumanga ndi chingwe pa mtengo.

Musafulumire kunyoza a zaumoyo a kumudzi. Zida zoyezera malungo mwachangu zimene zidafalikira m'zipatala zathu cha mu 2011 zapulumutsa anthu osawerengeka. Koma zidabwera ndi vuto limene sitidalikonzekere. Kale munthu akatentha thupi magazi ake ankaikidwa pa kagalasi n'kuonedwa pa maikulosikopu, ndiye woyezayo pofunafuna malungo ankatha kukumana ndi kachirombo ka kaodzera kakuvinavina pakati pa magazi. Chida chatsopanochi chimayankha funso limodzi lokha, malungo alipo kapena palibe. Kaodzera wa kumadzulo kwa Africa ali nacho chida chake chomuyezera mwachangu. Wathu uno alibe. Popanda maikulosikopu, magetsi kapena dzuwa loyendetsera, ndi munthu wophunzira kuyang'anamo, nthendayi sioneka.

Ndiye pali mantha. Tinene chilungamo, a Malawi anzanga. Anthu ambiri a m'malire mwa nkhalango amalowamo, ena ndi chilolezo, ena mozemba: nkhuni, bowa, uchi, udzu wofolerera, nsomba, pena ndi nyama imene. Munthu wotere akafika pamaso pa dokotala n'kufunsidwa ngati adapitako ku nkhalango, amaona a gemu m'maganizo mwake, amaona khoti, amaona ndende. Amayankha kuti ayi, sindinapondeko. Yankho limodzi limenelo likhoza kumuchedwetsa mwezi wathunthu. Zengerezu adalinda kwawukwawu, koma apa wozengereza si waulesi, ndi munthu amene akuopa kumangidwa.

Izi sindikuzitenga m'mabuku ayi. Ine ndidalumidwa mu 2012, ndili pa tchuthi cha ku yunivesite, ndikuthandiza amalume kukolola mpunga ku dambo lina kufupi ndi Bua. Nditabwerera kusukulu ndidalandira mankhwala a malungo katatu m'zipatala ziwiri zosiyana. M'kalasi ndinkagona, aphunzitsi ena n'kumati mowa, anzanga ena n'kumandilangiza mwachikondi kuti ndikayezetse magazi ndiyambe kumwa ma ARV. Ndidayezetsa, osapezeka kanthu. Padatha miyezi isanu. Amene adandipulumutsa ndi mayi wina wachikulire, namwino, amene atawerenga kabuku kanga ka kuchipatala adavula magalasi n'kundifunsa kuti, "Mwananga, kwanu n'kuti?" Nditati ku Nkhotakota adangoti, "Pita ku labu, ukawauze kuti ayang'ane pa kagalasi, osati kachida kaja." Funso limodzi losalira ndalama.

Adanditenga madzi a mumsana ndi singano yaitali, n'kupeza kuti tizirombo tafika kale ku ubongo. Mankhwala a gawo limenelo nthawi imeneyo adali melarsoprol, jakisoni wa mumtsempha wopangidwa ndi poizoni wotchedwa arsenic. Amene adabayidwapo amadziwa: zimakhala ngati akuthira moto m'dzanja. Mankhwalawa amapha pafupifupi wodwala mmodzi mwa 20 alionse amene awalandira, chifukwa amatha kutupitsa ubongo. Amayi anga, amene adali gadiyani wanga, adauzidwa zimenezi ndipo adavomera, nanga akadatani. Ndidapulumuka, adandiyezanso, n'kundiuza kuti tizirombo tatha, pitani kwanu mwachira.

Pa pepala ndidachiradi. Koma nditabwerera kusukulu ndinkawerenga tsamba limodzi katatu, pofika pansi ndaiwala za pamwamba. Mutu unkawawa ngati wina akukhoma misomali. Mapazi adachita dzanzi limene mpaka lero silidatheretu. Tulo tidasokonekera. Chaka chisanathe ndidalongedza katundu, maphunziro adathera pomwepo. Kuyambira tsiku limene ndidatuluka pa geti la chipatala palibe adandilondola kudzafunsa kuti kodi mnyamata uja ali bwanji. M'kaundula ndili m'gulu la ochira, nkhani yabwino yokaika mu lipoti.

Sindikunena kuti aliyense wodwala kaodzera amatsala ndi zilema. Ambiri, makamaka amene nthenda yadziwika isanafike ku ubongo, amachira n'kubwerera ku makasu ndi ku maukonde awo ngati sipadachitike kanthu. Ndiye mfundo yake imeneyo: kuchedwa ndiko kumalemaza. Koma kwa ife amene tidachedwa, moyo wa pambuyo pake ndi nkhondo ina imene anthu saiona chifukwa ilibe bala loonekera.

Taganizani msodzi amene ntchito yake ndi kugwira nyali usiku wonse pa bwato poitana usipa, koma tsopano tulo timamugwira mosayembekezera. Mwini chilimira amulemba ntchito? Taganizani mayi amene akalima mizere itatu ya chinangwa mtima ukugunda ngati ng'oma, apongozi n'kumati mkazi uyu ndi waulesi, chipatala chidati wachira. Taganizani mwana wa Sitandade 6 amene adali woyamba m'kalasi, lero sangagwire samu, aphunzitsi akumukwapula kuti wayamba masewera. Taganizani bambo amene nthawi yodwala adatukwana mfumu, adamenya mkazi wake, adavula pagulu, zonsezo ubongo utagwidwa, lero wachira koma mudzi sudaiwale, ku bwalo la milandu akayankhula anthu amatsinana. Anthu otere sapempha zambiri. Choyamba amafuna wowakhulupirira.

Mwina wina akuganiza kuti kusakhulupiriridwa kotere ndi tsoka la ife amphawi okha. Ayi ndithu. Ku America, dziko la madokotala ndi makina, kuli nthenda yotchedwa Lyme, yofalitsidwa ndi nkhupakupa zokhala pa mbewa zakutchire ndi nyama zonga agwape. Dzinali ndi la tauni ya Lyme m'chigawo cha Connecticut. Kumeneko mayi wina, Polly Murray, adatha zaka iye ndi ana ake akudwala mfundo, malungo osadziwika ndi kutopa, madokotala osapeza chifukwa, ena kumuuza kuti nthenda ili m'maganizo mwake. Mayiyo sadagonje. Ankalemba zonse, tsiku ndi tsiku, nyumba ndi nyumba, ana a anansi ake amene ankadwala mofanana. Mu 1975 adakadandaula ku akuluakulu a zaumoyo a chigawocho, ndipo Dr Allen Steere wa ku yunivesite ya Yale adayamba kufufuza. Mu 1982 Willy Burgdorfer adalengeza kuti wapeza kachirombo koyambitsa nthendayo m'mimba mwa nkhupakupa.

Lero bungwe la boma la America loona za matenda, CDC, limati anthu pafupifupi 476,000 amalandira mankhwala a nthenda ya Lyme chaka chilichonse. Ambiri amachira ndi mankhwala a masabata ochepa. Koma ena amatsala ndi kutopa, ululu ndi kuiwalaiwala kwa miyezi kapena zaka, magazi awo akuonetsa kuti zonse zili bwino. Mkangano wake ndi waukulu kumeneko. Kafukufuku adaonetsa kuti kumwa mankhwala opha tizirombo kwa miyezi yambirimbiri sikuwathandiza anthu otere, pena kumawavulaza kumene. Ndipo poti chipatala chilibe yankho lachangu, atulukira akathyali ogulitsa timabotolo todula, olonjeza machiritso, anthu n'kugulitsa nyumba.

Nkhani ya Lyme itiphunzitse ziwiri. Choyamba, nthenda imayamba kuwerengedwa pamene odwala ndi abale awo aleka kudandaulira m'khitchini n'kuyamba kulemba, kusonkhana ndi kugogoda pa zitseko za maofesi. Chachiwiri, munthu amene chipatala chamuuza kuti wachira iye akumva kuwawa ndi nyama ya aliyense. Ku America amadyedwa ndi ogulitsa timabotolo. Kuno amadyedwa ndi sing'anga wotema mphini, ndi mneneri wogulitsa madzi odalitsidwa, ndi mnyamata wa mankhwala ochiza matenda 40 amene amakwera m'basi ya pa msewu wa M5. Amayi anga adagulitsa mbuzi zinayi m'njira zoterezi. Sindiwaimba mlandu, mwana wawo ankavutika ndipo kunalibe kwina kolowera. Chimene chidandithandiza n'chosatchuka: nthawi, chakudya chokwanira, kugona ndi kudzuka pa ola limodzimodzi, kulemba m'kope chilichonse chimene ndikuopa kuiwala, kugwira ntchito pang'onopang'ono, ndi abale amene sadanditche waulesi. Zidatenga zaka.

Chowawitsa mtima n'chakuti kaodzera si mlendo woti tinganene kuti watidzidzimutsa. Kachirombo kake kadadziwika mu 1910 ku Liverpool, m'magazi a mzungu amene adalumidwa ku chigwa cha Luangwa, kwa abale athu a ku Zambia, n'chifukwa chake amakatcha rhodesiense. Pakati pa 1912 ndi 1914 Sir David Bruce adakhala m'dziko muno, nthawi ya Nyasaland, ndi gulu lake kufufuza nthenda yomweyi m'chigawo chapakati, ndipo mankhwala ake iye adati n'kupha nyama zakutchire. Suramin, jakisoni wa gawo loyamba la nthendayi, adayamba kugwira ntchito cha mu 1920. Melarsoprol adabwera mu 1949. Ndiye kuti kwa zaka zoposa 70 dziko lapansi lidapita ku mwezi, lidapanga makompyuta ndi mafoni a m'manja, koma mlimi wa kwa Mwansambo ankabayidwabe poizoni wa nthawi ya atsamunda. Chifukwa chake n'chodziwika: wodwala kaodzera alibe ndalama, ndiye kampani ipangirenji mankhwala atsopano?

Pano zinthu zasintha, ndipo poyenera kuyamika tiyamike. Bungwe la DNDi pamodzi ndi kampani ya Sanofi adakonza mapiritsi otchedwa fexinidazole, akumwa kamodzi patsiku kwa masiku 10. Kuyesa kwake pa kaodzera wathu uno kudachitikira pa chipatala cha boma cha Rumphi ndi ku Lwala m'dziko la Uganda, pa odwala 45, ambiri mwa iwo a Malawi. Mu December 2023 bungwe loona za mankhwala la mayiko a ku Ulaya lidavomereza, ndipo mu 2024 WHO idati amenewa ndiwo akhale mankhwala oyamba kwa odwala a zaka 6 kupita m'tsogolo amene akulemera makilogalamu 20 kapena kuposa. Malawi ali m'gulu la mayiko oyamba kuwagwiritsa ntchito, ndipo wodwala salipira. Anthu wamba a ku Rumphi amene adapereka matupi awo kuti mankhwalawa ayesedwe adathandiza Africa yense. Ndani adawathokoza pagulu?

Koma piritsi liribe miyendo. Silingadzuke mu famase pa boma n'kupita lokha kwa Malengachanzi, kwa Mphonde kapena kwa Kanyenda kukafunafuna wodwala. Limadikira munthu amene wayezedwa kale. Komanso mankhwalawa amafuna kumwera chakudya chenicheni kuti agwire ntchito m'thupi, tsono mu January ndi February, nkhokwe zili mbee, nsimayo ichokera kuti ngati chipatala sichiganizirapo? Ana osakwana zaka 6 nawo akadali pa majakisoni akale aja. Tisavine msanga, gule sadathe.

Nanga za nkhalango? Apa ndiyankhule mosamala chifukwa ena amafulumira kupotoza. Nkhalango ya Nkhotakota, ya makilomita pafupifupi 1,800 mbali zonse, ndi chuma cha dziko. Idatsala pang'ono kutha: njovu zimene kale zidali zoposa 1,500 zidatsala zosakwana 100. Mu 2015 boma lidagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 ndi nyama zina zambiri zidasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kubwera kuno. Dziko lonse lapansi lidaombera m'manja. Ine sindili kumbali ya Bruce, sindikuti nyama ziphedwe. Mpanda wachepetsa njovu m'minda, achinyamata ena apeza ntchito, mitsinje yotsikira m'nyanja yathu imatetezedwa ndi mitengo imeneyo. Kashembe adalipo njovuzo zisanabwere.

Komabe akulu adati walira mvula walira matope. Funso langa n'lakuti, mvulayo ikugwera m'munda mwa yani, ndipo matopewo akuponda ndani? Mpanda wa magetsi umaletsa njovu, ntchentche imangodutsa pamwamba. Mlendo wochokera ku Ulaya akalumidwa amakwera ndege, madokotala akwawo amamuzungulira, nkhani yake imalembedwa m'magazini a zachipatala. Mwana wa m'mudzi wogundana ndi mpanda akalumidwa ndi ntchentche yomweyo amayamba ulendo uja wa panado. Ngati dziko lasankha kusunga nyama, ndipo lachita bwino, ndiye kuti mtengo wa kaodzera ndi gawo la mtengo wosungira nyamazo, mofanana ndi malipiro a alonda ndi mafuta a galimoto. Usagwere pa mutu wa mlimi yekha.

Zofunika kuchita si zozizwitsa, ndipo ndizitchula kuti pasakhale wonena kuti timangodandaula.

Choyamba, chipatala chaching'ono chilichonse chozungulira nkhalango, mbali ya Nkhotakota, ya Ntchisi ndi ya Kasungu, chikhale ndi maikulosikopu yogwira ntchito ndi munthu wodziwa kuigwiritsa ntchito, amene akachoka alowedwe m'malo mwezi womwewo. Unduna wa zaumoyo ukhwimitse lamulo losavuta: m'madera amenewa, munthu wotentha thupi amene alibe malungo, kapena amene wamwa LA koma wabweranso, magazi ake aonedwe pa kagalasi tsiku lomwelo. Ndipo madokotala a ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu aphunzire funso la namwino uja, kwanu n'kuti, mwayendako kuti, chifukwa anthu a kuno ali ponseponse.

Chachiwiri, mafumu, a zaumoyo ndi oyang'anira nkhalango aimirire pamodzi pa msonkhano n'kulengeza poyera kuti zimene wodwala wauza dokotala zimathera m'chipinda momwemo. Wolowa m'nkhalango mozemba ali ndi mlandu wake, koma chilango chake si imfa.

Chachitatu, nsalu zija za buluu ndi zakuda zopakidwa mankhwala, zimene zimakopa kashembe n'kumupha, zizikhala m'malire monse mwa nkhalango ndi m'mitsinje, ndipo zizikonzedwa nthawi yake, osati pokhapokha maliro akachuluka. Nafenso eni mudzi tisamazichotse kukasoka makatani kapena kufolera bafa. Nsalu imodzi yobedwa ndi khomo lotsegulira imfa ya mwana wako yemwe.

Chachinayi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga, wotuluka m'chipatala asatayidwe. Malangizo a madokotala amati munthu wotere aziyezedwanso mpaka chaka chitatha, chifukwa nthenda imatha kubwerera. Koma munthu amene wagulitsa kale mbuzi ndi njinga, ndalama yokwerera ulendo wa ku boma aitenga kuti? Alangizi a zaumoyo a m'midzi akhale ndi maina a onse amene adadwalapo, aziwayendera, ndipo ndalama ya ulendo ikhale mbali ya chithandizo. Poyeza asamangofuna tizirombo. Afunse za tulo, za mutu, za mapazi, za kuiwala, za sukulu ya mwana, za banja. Zimenezo zilembedwe, kuti tsiku lina tidzadziwe ndi manambala kuti kaodzera amasiya zotani m'mbuyo mwake. Ofunika thandizo la mafupa ndi mitsempha kapena la maganizo atumizidwe koyenera. Mwana wobwerera kusukulu apatsidwe kalata yofotokozera aphunzitsi. Banja limene mutu wake wagwa liganiziridwe pa mtukula pakhomo.

Chachisanu n'chathu ife amene tidapulumuka. Mutu umodzi susenza denga. Tili m'midzi yosiyana, aliyense akubisa nthenda yake ngati ndi manyazi. Tidziwane, tizikumana ngakhale pansi pa mtengo wa mango, tilembe zimene tikumva m'matupi mwathu monga adachitira mayi wa ku Connecticut uja. Munthu amene adadwalapo amazindikira nthendayi pa nkhope ya mnzake mofulumira kuposa chikwangwani chilichonse. Abusa ndi mashehe atipatse mphindi zisanu Lamulungu ndi Lachisanu. Ndipo kwa inu amene mukusunga wodwala wotere pakhomo, mawu anga ndi awa: akati watopa, watopadi. Musamuyese ndi munthu amene adali kale, muyeseni ndi mmene adalili mwezi watha. Thupi likatenthanso kapena tulo ta masana tikabwerera, thamangirani kuchipatala, mukanene dzina la nthendayo mokweza, kabuku kali m'manja.

Rwanda idavomerezedwa ndi WHO mu 2022 kuti yagonjetsa kaodzera wa mtundu wathu womwewu ngati vuto la umoyo wa anthu, Kenya mu 2025. Mayiko amenewa nawo ali ndi nkhalango, nyama ndi kashembe. Sadaphe njovu zawo. Adaika maso pa ntchentche ndi pa odwala. Ife tili ndi madokotala amene adaifufuza nthendayi kwa zaka zambiri, tili ndi mapiritsi amene adayesedwa pa nthaka yathu, tili ndi midzi yodziwika maina imene nthendayi imachokera. Chikusowa n'chiyani?

Aphungu a m'boma la Nkhotakota, inu olemekezeka, nthawi ya kampeni mumafika mpaka ku midzi ya kumpanda, magalasi a galimoto atatsekedwa kuopa kashembe yemweyo. Ndiye kuti mukumudziwa. Bajeti ya zaumoyo ikamakambidwa, imirirani mufunse mafunso atatu: ndi zipatala zingati zozungulira nkhalango zimene zingayeze kaodzera lero lino, wodwala amatha masiku angati asanadziwike, ndipo amene adatulutsidwa chaka chatha ali kuti? Mukalandira mayankho mudzatiuze pa msonkhano, m'Chichewa, tonse tikumva. Tikudikira, ndipo ena mwa ife tidaphunzira kulemba m'kope kuti tisaiwale.